Njinga Yofiira Imene Inakana Kuphethira

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, amene bambo ake pomwalira anamusiyira chiweto chachilendo. Udzu sichinkadya. Chinkamwa madzi onunkha, ndipo m'mawa uliwonse chinkayamba chakhosomola chisanavomere kuyenda. Pamphumi chinali ndi diso limodzi lalikulu, ndipo m'mbalimu chinali ndi timaso tina tinayi, tiwiri kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Chikafuna kukhota, chinkaphethira cha kumene chikulowera. Mwachidziwa kale: inali njinga yamoto, mthuthuthu wakale, wobadwa Yotamu asanabadwe.

Njingayo inali ndi mbiri m'dera lonselo, chifukwa bambo a Yotamu, a Zakeyu, ndiwo ankatsogolera maukwati. Anthu akatuluka m'tchalitchi, mkwati ndi mkwatibwi akalowa m'galimoto, kutsogolo kwa mdipiti wonse kunkakhala mkuluyo atavala jekete yake yotuwa, timaso tinayi tija tikuphethira pamodzi. Kuphethira kwa mbali imodzi ndi kumene oyendetsa amati indiketa. Kuphethira kwa pamodziku amati mahazadi. Njingayo sinabwere ndi mahazadi kuchokera kumene inapangidwa. A Zakeyu anachita kulumikiza okha, n'kuika kaswichi kofiira pafupi ndi chala chachikulu. Malole a pamsewu wa tala akaona kuphethirako ankachepetsa liwiro. Ana ankathamangira kumsewu. Amayi ankasiya zidebe pamjigo n'kuyamba nthungululu asanadziwe n'komwe kuti akukwatiwa ndi mwana wa yani.

Yotamu anali ndi mlongo wake wamng'ono, Esinala. Ali kamtsikana, Esinala ankakonda kukwera pathanki ya njingayo ili chiimire, n'kumadina kaswichi kofiira kaja mpaka batire kutha. Bambo ake akamukalipira, ankayankha kuti akuyeserera za tsiku lake. Tsikulo a Zakeyu sanalione. Choncho ukwati utayandikira, Esinala anapita kwa mlongo wake.

"Achimwene, diresi ndibwereka. Nsapato ndibwereka. Keke ngakhale ichepe ngati chitumbuwa, sindidandaula. Koma kutsogolo kwanga kukhale njinga ya ababa, ikuphethira."

Yotamu anamenya chishalo ndi chikhatho, fumbi n'kuti koboo.

"Idzakhalapo," anatero. "Idzaphethira mpaka a kutsidya kwa malire adzafunse kuti kwabwera ndani."

Tsono ukwati umakhala ndi komiti, ndipo komiti imakhala ndi tcheyamani. Wa ukwati uwu anali mkulu wake wa mkwati, munthu woyenda ndi wenzulo m'khosi, amene aliyense ankangowatchula kuti a Tcheya. Iwo anabwera kudzaiona njingayo. Anaizungulira manja ali kumbuyo. Anaona dzimbiri. Anaona chishalo chosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Anaonanso kuti pamene kanyali kalikonse kamangidwa pali chipsera, chitsulo chopalidwa mbee, chopakidwa girisi wakuda.

"Alamu," anatero a Tcheya, "iyi ndi njinga, kapena ndi chigayo chothawa mwini wake?"

"Chigayochi chakwatitsa midzi yonse ino, alamu."

"Ndamva. Koma abale athu akubwera kuchokera kutauni ndi makamera. Ndikupemphani zinthu ziwiri. Ioneke ngati ya ukwati, ndipo mahazadi aphethire, poti tidzadutsa pa tala, ndipo malole sadziwa mkwatibwi. Chikasowa chimodzi, atsogolera msuweni wanga. Wagula yatsopano, yonyezimira ngati supuni."

Yotamu sanakhumudwe ngakhale pang'ono. Za mahazadi analibe nazo nkhawa, poti ankaphethira bwinobwino kuyambira kalekale. Chotsala chinali kukongola basi, ndipo kukongola amagulitsa m'chitini. Anathamangira kumsika wa pa tala n'kugula penti wofiira, wa mafuta, uja amapaka zitseko. Atafika kunyumba anamasula chishalo, namasulanso tinyali tinayi tija n'kutisanja pamphasa ngati mazira. Kenako anayamba kupaka akuimba.

Anapaka thanki. Anapaka madigadi, zitsulo zophimba matayala. Anapaka felemu yonse, thupi lachitsulo limene zonse zimamangidwapo. Burashi ikamayenda, iye ankadziona kale ali kutsogolo kwa mdipiti, mphepo ikumukupiza malaya, makamera a kutauni akumutsata. Atafika pa timakutu tachitsulo timene nyali zimamangidwapo, anaima. Zipsera zinayi zija zinkamuyang'ana. Kuyambira ali mwana ankachita nazo manyazi. Ankaganiza kuti bambo ake, ngakhale anali munthu wabwino, analibe diso la zokongola. Anapukuta girisi yense. Anamiza burashi mpaka pachigwiriro, napaka. Penti atauma pang'ono anapakanso, n'kupakanso, mpaka zipserazo zinasowa pansi pa khungu lokhuthala, losalala ngati la tomato. Atakhutira anabwezera tinyali tija, namanga mabawuti pamwamba pa penti.

Njinga inakongola, anthu inu. Nkhuku zinkabwera kudzadziyang'anira pathanki, tambala mpaka kufuna kumenyana ndi mnzake wa mkatimo. Opita kumjigo ankalambalala njira yawo kuti adutse pabwalo pa Yotamu. Mayi wina anafunsa ngati wagula ina. Yotamu ankangozungulira, manja ali m'matumba, akuyesetsa kuti asamwetulire, koma masaya ankamukana. Anaifunditsa chitenje kuti mame asaikhudze. Sanalole munthu kuigwira. Ngakhale iye mwini sanailize, kuopa fumbi.

Tsiku loti mawa ndi ukwati, amayi atayamba kale kusenda anyezi ndi kuimba kuseri kwa nyumba, Yotamu anavundukula chitenje chija. Anatembenuza kiyi. Anadina kaswichi kofiira, nabwerera m'mbuyo kuti aone bwino.

Nyali imodzi yokha ndiyo inayaka, ya kumbuyo kudzanja lamanja. Ndipo sinaphethire. Inangoti tong'oo, ngati diso la nsomba youma. Zitatu zinazo zinali zii. Yotamu anazimitsa mahazadi, nakankhira swichi ya indiketa kumanzere. Kumanzere kunalibe kanthu. M'malo mwake nyali yomwe ija ya kumanja inachita kakuwala kofooka, ngati khala lophimbidwa ndi phulusa. Tsono njinga youza anthu kuti ikupita kumanja pamene mwini wake akukhotera kumanzere sitsogolera ukwati. Imeneyo imaitana maliro.

Koma Yotamu anali munthu wokonda zinthu zobisala. Anatikita manja, natenga sipanala, nauza njingayo kuti, "Chabwino, mayi. Mwabisa kanthu. Ndikapeza ine."

Anayamba ndi mababu, poti aliyense amayambira pamenepo. Anatsegula timagalasi tachikasu, natulutsa babu lililonse n'kuliyang'anira kudzuwa. Kaulusi ka mkati kanali kathunthu mu onse. Ndiye anaganiza zowasinthanitsa. Anatenga babu loyaka lija n'kuliika kutsogolo kumanzere: linafa. Anatenga lakufa n'kuliika kumbuyo kumanja: linauka. Yotamu anaseka yekha. "Ndiye kuti odwala si alendo. Yodwala ndi nyumba."

Anapita pa fyuzi, kanthu kaja kamene kamadzipereka kupsa kuti zinzake zipulumuke. Inali yamoyo. Anakayikira batire, nadina hutala. Hutala inalira mwakuti mayi wina kuseri kuja anataya mpeni, n'kufunsa ngati ukwati wayamba iye asanasambe. Batire linali lodzaza.

Pansi pa chishalo pamakhala kachitini kakang'ono kamene amakaniko amati fulasha. Ndiko mtima wa kuphethira: kamatsegula magetsi, n'kutseka, n'kutsegulanso, kakulira kuti thi, tha, thi, tha. Kachitiniko kanali chete.

"Ndakugwira," anatero Yotamu.

Anathamanga wapansi mpaka pa siteji ya akabaza, nabwereka fulasha wa mnzake, nabwerera thukuta lili kamukamu. Analumikiza, anadina, anatchera khutu. Chete. Diso la nsomba lija linangomuyang'ana. Pokabweza cha eni ake anatenga ndi wake yemwe, n'kumuyesa panjinga ya mnzakeyo. Thi, tha, thi, tha, ngati kamwana kosalakwa. Akabaza onse anaseka, wina n'kumulangiza kuti pa ukwatipo azingophethira yekha ndi maso.

Atabwerera anamasula maswichi. M'kati anapezamo ukonde wa kangaude ndi zobiriwira za dzimbiri, ndipo anasangalala ngati mlenje woona mapazi a nyama. Anapala, anapukuta, anauzira, anatseka. Palibe chinasintha. Anatsata mawaya ndi zala kuchokera kutsogolo mpaka kumchira, kufunafuna pamene khoswe walawa. Khoswe analibe mlandu. Pomaliza anasolola waya wopita ku nyali yakufa, nagunditsa nsonga yake painjini, pang'ono pokha kuti fyuzi isapse. Moto unathetheka. Anachita chimodzimodzi pa nyali zinazo, ndipo paliponse moto unathetheka.

Apa ndiye anakhala pansi. Magetsi akufika pa khomo lililonse. Babu lililonse ndi lamoyo. Koma nyumba zitatu zili mumdima. Kuseri kuja amayi ankaimba nyimbo yotchula dzina la Esinala, ndipo iye sanathe kudzuka kuti akamuuze. Anabwerezanso mumtima onse amene anawazenga mlandu: mababu, fyuzi, batire, fulasha, maswichi, mawaya. Chinthu chimodzi chokha sanachiitane kubwalo. Anali atachitsamira ndi msana, chikunyezimira ndi dzuwa lolowa.

M'mawa wa ukwati a Tcheya anatulukira atavala suti, wenzulo ili pachifuwa.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Penti ndamuona, mwakhoza. Nanga kuphethira?"

"Ikuphethira mumtima, alamu."

"Malole saona mumtima. Ndikupita kukaona za mipando. Belu la kutchalitchi likamalira ndidutsanso pano. Ndikaipeza isanatsegule maso, msuweni wanga watsuka kale yake."

Atachoka, Yotamu anatembenuza kiyi, nadina mahazadi, nagwada kuyang'ananso mawaya amene anali atawayang'ana kale. Ali choncho anamva mapazi ofulumira. Anali Esinala, mkwatibwi mwini wake, atathawa azakhali awo amene ankamukonza tsitsi. Mutu unali wolukidwa mbali imodzi, mbali inayo uli nyankhalala. Anafunda chitenje, ndipo m'manja ananyamula maluwa othyola pampanda ndi kawaya kopyapyala komangira.

"Iwe, akakupeza kuno andipha ine," anatero Yotamu.

"Akuphani mawa. Lero ndi langa."

Esinala anayang'ana diso limodzi loyaka lija, nayang'ana nkhope ya mlongo wake, ndipo anamvetsa. Kenako anati, "Ngakhale itsale pakhomo, ivale maluwa. Ababa sankatuluka opanda duwa pajekete."

Anakulunga kawaya pakhosi la nyali ya kutsogolo kumanzere, khosi lachitsulo chonyezimira limene burashi sinalikhudze. Anapanikizapo maluwa. Nsonga ina ya kawayako anaikokera pa handulo, pamene panalibenso penti, naipota.

Thi, tha. Thi, tha.

Yotamu anadzambatuka ngati wakhalira linthumbu. Nyali ya pansi pa maluwa inali kuphethira, yowala, yachikasu ngati papaya lakupsa, ndipo ya kumbuyo ija inali kuphethira nayo limodzi.

"Wachita chiyani?"

"Ndamanga maluwa, achimwene. Kapena imafuna ulemu."

"Masula."

Esinala anamasula kawaya pa handulo. Nyali inafa.

"Manga."

Anamanga. Inauka. Masula, manga, masula, manga: anachita zimenezo akuseka ngati ana, mpaka Esinala anadandaula kuti zala zikumupweteka, ndipo iye ndi mkwatibwi, si makaniko.

Yotamu anagwira kawayako n'kukatsata ndi maso, kuchokera pakhosi la nyali kupita pachitsulo chosapakidwa. Ndipo nkhani yonse inamasuka m'mutu mwake ngati mfundo yokokedwa mbali yoyenera. Dzulo lonse ankafunsa ngati magetsi akufika. Sanafunse ngati akubwerera. Pa njinga zakalezi, magetsi amachoka m'batire n'kuyenda ndi waya mpaka m'babu, koma pobwerera kwawo alibe waya. Amatsika ndi khosi la nyali, amadutsa pa bawuti, amalowa m'felemu, n'kuyenda m'chitsulo mpaka kubatire kumene anachokera. Njira yobwerera ikatsekeka, ulendo wonse umaima, ndipo babu siliyaka. Nyali ya kumbuyo kumanja inapulumuka chifukwa pomanga, bawuti lake linaboola penti pang'ono. Magetsi a kumanzere, posowa kotulukira, ankazemba kudzera m'kanyali kobiriwira ka pa handulo, kamene kamauza woyendetsa kuti indiketa yayaka, n'kukatulukira komweko atatopa. Ndipo fulasha ankakana kulira chifukwa babu limodzi silimukwanira.

Anayang'ana timakutu tinayi tofiira, tosalala. Wotseka njira anali iye mwini, ndi burashi.

Esinala anaona kumene maso a mlongo wake apita. "Musapale," anatero msanga. "Kawaya katsala. Timange maluwa pa zonse zinayi, penti akhale. A Tcheya sadziwa."

Maganizowo anali otsekemera ngati nzimbe. Yotamu anamanganso kawaya kaja, nyali n'kuphethira. Kenako anagwira handulo ndi manja onse awiri, nagwedeza njingayo monga umachitira msewu wa kwawo, wa mabampu ndi miyala. Nyali inaphethira, inadodoma, inazima, inayaka, inazimanso. Ndipo m'maganizo anaona mdipiti ukukwera pa tala, mlongo wake ali m'galimoto kumbuyo kwake, lole ikutsika chitunda, maso a njinga n'kutseka pa nthawi yomweyo.

Kutali, belu la kutchalitchi linayamba kulira.

Yotamu anazimitsa kiyi. Anamasula nyali yoyamba. Anatulutsa mpeni m'thumba n'kuuika pa kakhutu kofiira. Dzanja linaima kaye, pakuti m'moyo wake wonse anali asanapangepo chinthu chokongola ngati penti ameneyo. Kenako anakanikiza.

Penti wa zitseko wopaka mokhuthala amauma pamwamba pokha. Mpeni utalowa, sanachoke pang'ono ayi. Anasendeka ngati khungu la mbatata yophika, n'kukoka mnzake, chigamba chachikulu ngati chikhatho. Esinala anagwira pakamwa. Yotamu anapitiriza kupala mpaka chitsulo chinati mbee, ndipo pachitsulopo anapeza timizere takale ta mpeni wina. Apo anakumbuka. M'mawa wa ukwati uliwonse bambo ake ankagwada pomwepo, atavala kale jekete yotuwa, akupala ndi kampeni, n'kupakapo girisi ndi chala kuti dzimbiri lisabwerere. Iye ali mwana ankayesa kuti akuwononga njinga. Zipsera zija sizinali ulesi. Zinali makomo.

Anapala kakhutu kachiwiri, kachitatu, ndi kachinayi komwe, ngakhale nyali yake inali yoyaka, poti sanafunenso kudalira mwayi. Anamanga mabawuti zolimba, napakapo girisi. Manja anali ofiira ndi akuda. Anatembenuza kiyi, nayang'ana mlongo wake.

"Dina ndiwe. Unayeserera kalekale."

Esinala anaika chala pa kaswichi kofiira. Thi, tha, thi, tha. Timaso tonse tinayi tinatseguka pamodzi, n'kutseka pamodzi, n'kutsegukanso. Yotamu anagwedeza njingayo ndi mphamvu zake zonse, koma timasoto sitinadodome. Anayesa kumanzere: kunaphethira kumanzere kokha. Anayesa kumanja: kumanja kokha. Njinga inasiya bodza. Anabwezera mahazadi, ndipo awiriwo anayamba kulumpha atagwirana manja, mkwatibwi n'kudetsa zala zake ndi girisi.

Nthawi yomweyo a Tcheya anatulukira, ndipo chakumsewu kunkamveka kulira kosalala kwa njinga yatsopano. Anaima. Anayang'ana zigamba zinayi, zoipa kuposa poyamba, penti akulendewera m'mphepete.

"Alamu, ndangopita kukaona mipando, yadwala kale chipere?"

"Ndaitemera mphini, alamu, kuti ione."

"Tinagwirizana ziwiri."

"Ziwiri ndithu. Ndakwanitsa chimodzi. Chinacho ndi chimene chimapha chinzake."

A Tcheya anakweza wenzulo kuti aitane msuweni wawo. Koma amayi anali atayamba kale kufunafuna mkwatibwi wothawa, ndipo oyamba kufika anali azakhali aja, mlongo wawo wa malemu a Zakeyu, chipeso chili m'manja, mkwiyo uli pankhope. Anaona nyali zinayi zikuphethira. Anaona zipsera zinayi zopakidwa girisi, chilichonse pamalo pake penipeni. Chipeso chinagwa.

"Abwera achimwene," anatero motsitsa mawu. Kenako anakweza mutu n'kuimba nthungululu imene inagwedeza mudzi wonse.

Amayi anakhamukira pabwalo ndi mithiko ndi zipande, akuvina mozungulira njingayo. Uyu akuti inanditsogolera ine. Uyo akuti inatsogolera amayi anga, ine ndinabadwa chifukwa cha iyo. A Tcheya anatsala pakati pa fumbi, wenzulo ili pakamwa yosalira. Anayang'ana Esinala, amene ankaseka misozi ikutsika. Anatsitsa wenzulo.

"Pentiyo sindikumuona bwino," anatero. "Magetsiwa akundithobwa m'maso. Alamu, kasambeni m'manja. Ndipo wina amutenge mkwatibwiyu akamalize mutu."

Dzuwa litakwera, mdipiti unanyamuka kutchalitchi. Kutsogolo kunali Yotamu, atavala jekete yotuwa yomukulira m'mapewa, duwa lili pachifuwa. Pamene ankakwera pa tala, lole yonyamula matumba inali kutsika chitunda. Inaona timaso tinayi, inachepetsa liwiro, inaima pambali, dalaivala n'kuliza hutala yake yaikulu powafunira mafuno abwino. Ana anathamangira kumsewu. Zidebe zinatsala pamjigo. Pa mphambano yolowera ku holo, Yotamu anazimitsa mahazadi n'kuphethiritsa kumanzere, ndipo magalimoto onse, ngakhale a kutauni osadziwa njira, anakhotera kumanzere ngati mikanda ya pa ulusi umodzi. Atalowa njira yafumbi anabwezera mahazadi, nasuzumira pagalasi. M'galimoto yoyamba Esinala sankayang'ana mkwati, sankayang'ana makamera. Ankayang'ana timaso tiwiri ta kumbuyo, milomo ikuyenda yokha: thi, tha, thi, tha.

Tsono inu amene mwamva, ambiri a ife tili ngati nyali zija. Zonse zikutifika: chikondi cha kwathu, malangizo, mapemphero a anthu amene sitinawathokozepo. Babu lathu ndi lamoyo. Koma sitikuyaka, ndiye timathamangira kusintha zina, anzathu, malaya, malo okhala. Musanasinthe babu lina, yang'anani pamene mumakhudzana ndi anthu anu. Mwina mwapakapo penti kuti pasaoneke pamene munapalidwa, kuti musanene kuti pepani, kuti musanene kuti zikomo, kuti anthu asadziwe kumene munachokera. Pentiyo ndi wokongola, ndipo odutsa m'njira amuyamikira. Koma chimene chafika kwa inu chikasowa njira yobwerera kumene chinachokera, simuwala.

Tengani mpeni. Pasendeka pakulu kuposa mmene mukufunira, ndipo wina afunsa ngati mwadwala chipere. Palani basi, mpaka chitsulo chikhudze chitsulo. Kumbuyo kwanuko kuli wina amene akudikira kuti muphethire, adziwe kolowera.